Ndowa Imene Apongozi Anasiya Osalemba

Mwezi uno chatha chaka chiwaikire m'manda apongozi anga aamuna, a Benedikito Sakala. Mwezi womwewu chiphaso changa cha unzika chinatha ntchito, ndipo anandiuza kuti ndipite ku Boma akandikonzere china. Ndinapita kawiri, kawiri konseko ndinabwerera pakhomo pa ofesi. Sikuti mzere unali wautali ayi. Ndinkaopa funso limodzi, loti dzina likhale lomweli kapena lisinthe.

Ine ndinabadwa Nabanda, cha ku Kamwendo. Ndinatengedwa chitengwa kubwera kuno kufupi ndi Guilleme, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri anthu akhala akunditcha Mayi Sakala. Mwini dzinalo, amuna anga a Fabiano, anamwalira zaka zitatu zapitazo. Chiyambire pamenepo mtima wanga sunakhazikike pa dzina limodzi. Koma amene anavutika ndi nkhani ya mayina kuposa ine ndi apongozi angawo, ndipo ndi za iwo ndikufuna kunena.

A Sakala ntchito yawo inali yolemba mayina. Ngolo iliyonse ya m'dera lino imene ili ndi dzina kumbuyo, ndi dzanja lawo limenelo. Ankalemba pa ndowa za amayi, pa matumba a mtedza, pa zitseko za magolosale a ku boda, pa mitanda ya kumanda. Ankayenda pa njinga yakuda, kumbuyo atamangirira zitini zitatu za penti, woyera, wofiira ndi wabuluu, mabulashi atawakulunga m'sokosi yakale.

Munthu ameneyu sankakhala pansi. Tiyi ankamwa ali chiimire, phazi limodzi lili kale pa pedulo. Ku Misa ankaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, ati benchi limawayabwa. Mpando anali nawo pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa nyumba yawo, koma pankakhala zitini, mwini wake akuzungulira. Mvula ikawatsekereza m'nyumba ankayenda kuchoka pa chitseko kupita pa zenera, kuchoka pa zenera kubwerera pa chitseko, ngati mbuzi yomangidwa ndi chingwe chachifupi.

Wobwera kudzalembetsa ankamufunsa katatu. Dzina lanu ndani? Lenileni ndi lomwelo? Anakupatsani ndani? Ankati penti sachedwa kuuma, koma dzina lolakwika limatenga zaka kuti lifufutike. Ambiri ankatopa nawo. Chaka china anamwalira mkulu wina amene mudzi wonse unkamutcha a Sitima, chifukwa cha utsi wa fodya wosatha pakamwa pawo. Ana ake anati pa mtanda palembedwe Sitima, popeza ndi momwe aliyense ankawadziwira. A Sakala anakana. Anakwera njinga kupita mudzi wakutali kukafunsa mlongo wake wa malemuyo dzina lobadwa nalo, maliro akudikira, dzuwa likuswa mtengo. Atabwera, adzukulu amene anakumba manda anali atakwiya.

"Inu a Sakala, mwatiotcha ndi dzuwa chifukwa cha zilembo? Kodi wakufa amawerenga?"

"Wakufa sawerenga," iwo anatero akutsegula chitini. "Amawerenga ndi omufunafuna."

Ine ndi iwo tinkaopana, monga mwa mwambo wa mtengwa ndi apongozi aamuna. Sindinkadutsa kutsogolo kwawo. Pochokera ku mjigo ndinkazungulira kuseri kwa nkhokwe, mpaka mapazi anga anapanga kanjira kakekake. Tikakumana mwadzidzidzi ndinkapatuka n'kugwada, nkhope kutchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza njinga yawo.

"Iwe njinga, uwauze a Nabanda kuti mbuzi zawo zalowanso m'munda mwa a katekisiti."

Ine ndinkayankhira kwa mtondo. "Mtondo iwe, uwauze kuti chingwe chimene amangira zitinicho ndi cha mbuzizo."

Ankaseka akuyang'ana kumwamba, n'kupalasa.

Koma panali kanthu pakati pathu. Mwezi woyamba nditafika pamudzi pano, a Fabiano anandigulira ndowa yachitsulo. Tsiku lina ndinaipeza italembedwa ndi penti wofiira. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, komabe ndinkadziwa kuti Sakala amayamba ndi chilembo chopindika ngati njoka. Pa ndowa yanga panalibe njoka. Ku mjigo amayi anandiwerengera kuti palembedwa NABANDA.

"Aa, mtengwa, sanakulandirenitu," anatero a Nazimbiri, mayi wa pakamwa pakuthwa. "Mwezi sunathe, akulemberani kale dzina lobwerera nalo kwanu."

Onse anaseka. Pambuyo pake ndinadziwa kuti ndowa zawonso zinali ndi mayina a kwawo. Koma iwo anali pamudzi pawo, obwera anali amuna awo. Mtengwa ndinali ndekha. Nditawauza a Fabiano, anangoseka, nati bambo awo amatero, ngakhale malemu mayi awo sanawalembepo Mayi Sakala mpaka kumanda. Ine sindinaseke. Ndinasunga nkhaniyo mumtima zaka zambiri. Kutchalitchi, kuchipatala, polembetsa chiphaso, ndinkatchula Sakala mokweza, ngati kuti apongozi amva ali kumudzi.

Iwo sanasinthe. Khasu langa analemba Nabanda pa mpini. Lichero analemba Nabanda m'mphepete. Ana anga atatu anabadwa, onse a Sakala, mayi wawo pa ziwiya zonse ndi Nabanda.

A Fabiano anadwala miyezi iwiri, namwalira nthawi yokumba mtedza. Mtanda wawo analemba ndi bambo awo. Amene anaona akuti atamaliza chilembo chomaliza anaponya bulashi kutchire, sanaitolenso.

Patapita miyezi ingapo abale anakumana pabwalo kuti andisudzule, ndiko kuti andimasule ku ukwati, ndikhale mfulu kubwerera kwathu kapena kukwatiwanso. Kwathu kunabwera achimwene anga a Lameki. Mbali ya kuchimuna analankhula alamu anga a Yohane, mkulu wawo wa a Fabiano.

"Alamu athuwa akhala nafe bwino, sitikuwathamangitsa," anatero a Yohane. "Akafuna kukhala, akhale, koma akhale ngati Mayi Sakala. Akalivula dzinali, ndiye kuti atsanzika."

A Lameki anapukusa mutu. "Dzina la munthu wakufa si chitenje choti mlongo wanga azifundabe. Mwamusudzula, basi, tipatseni Nabanda wathu."

"Nanga ana?"

"Ana ndi ana. Ife tikunena za mayi wawo."

Ankakambirana ngati ine palibe. Ndinali pa mphasa, mutu pansi, ndikuyang'ana nyerere. Apongozi sanakhale nawo pabwalopo. Ankangozungulira, ku khola, ku nkhokwe, ku mtengo wa mango. Kenako ndinamva chitsulo chikugunda pansi patsogolo panga. Inali ndowa yatsopano, yosalembedwa. Kuseri kwa ndowayo kunali mapazi a apongozi, odontheredwa penti. Amayi amene anali pambali panga anafuula, ine n'kuyamba kudzuka kuti ndithawe.

"Musathawe, Nabanda," anatero. "Lero njinga yatopa. Ndiyang'aneni."

Ndinadzutsa mutu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pakhomo pawo, tsiku limenelo ndi pomwe ndinadziwa kuti diso lawo lakumanzere linali ndi ng'ala, loyera ngati penti wawo yemwe.

Zimene ananena pamenepo ngakhale a Yohane sankazidziwa. Anati ali mnyamata anawoloka kupita ku Zambia kukafuna ntchito pa famu ya fodya, kupitirira Chipata. Mapepala analibe. Kunali mnzawo wina wa komweko, dzina lake Mwale, amene anali atangomwalira, ndiye iwo anatenga chitupa chake n'kukalembetsa nacho ntchito. Anakhala Mwale zaka khumi ndi chimodzi. Pakati pa zaka zimenezo anadzatenga mkazi kuno kumudzi, Nankhoma, asanakwatire mayi wa a Yohane ndi a Fabiano. Nankhoma anamwalira pobereka, ndi mwana yemwe. Kapitawo wa pafamupo analembetsa pa mtanda kuti Mayi Mwale. Iwo anali pomwepo, koma sanatsutse, poopa kuti bodza lawo liululika n'kumangidwa.

Patapita miyezi, alongo ake awiri a Nankhoma anabwera kudzaona manda. Ankafunsa za munthu wotchedwa Sakala, ndipo pafamupo panalibe womudziwa. Analowa kumanda n'kumawerenga mitanda umodzi umodzi. Anadutsa pa mlongo wawo osadziwa, anabwereranso, anadutsanso. Dzuwa litapendeka anagwira njira ya kuno akulira.

"Ine ndinali m'chigafa cha fodya, ndikuwaona pa kabowo," apongozi anatero. "Sindinatuluke. Ndinaika mwana wa eni ake ndi dzina losakhala lake, losakhalanso langa. Nditabwererako patapita zaka, chiswe chinali chitadya mitanda yonse. N'chifukwa chake mkazi aliyense ndimamulemba dzina limene akwawo angamupeze nalo. Sikuti sindinakulandireni, mayi."

Kenako anatembenukira kwa amuna awiri aja.

"Inu a Yohane ndi inu a Lameki, dzina mukukanganali adzalisenza ndinu?"

Apongozi anakankhira ndowa ija kwa ine ndi phazi.

"Iyi ndi yanu. Mundiuze cholemba. Mukati Banda ndilemba, ndipo nyumba ndi munda zili pomwepo, palibe akuchotseni. Mukati Sakala ndilembanso. Koma munene ndinu."

Ndinati, "Sindikudziwa, bambo." Kanali koyamba kuwatchula choncho pamaso pawo.

"Penti alipo," iwo anatero. "Ndidikira."

Kudikira sikunali khalidwe lawo. Mawa lake tinabwerera ku mwambo wathu, ine kuseri kwa nkhokwe, iwo ndi njinga yawo. Ndowa anaivundikira pakhonde pawo. Sabata siinkatha osaifunsa.

"Njinga iwe, kafunse ngati ndowa ija yapeza dzina."

"Mtondo, uwauze kuti ikuganizabe."

"Iganize msanga, dzimbiri silidikira."

Nthawi zina ankaitembenuza, kuipukuta ndi nsanza, kuyeza ndi chala malo a zilembo, n'kuivundikiranso. Tsiku lina ndili pakati pa nkhokwe ndi khola ndinawaona atatsegula kale chitini, bulashi m'manja, ataima pa ndowayo. Anaima nthawi yaitali kuposa momwe ndinawaonerapo ataima malo amodzi. Kenako anatseka chitini n'kukwera njinga.

Ine zinkandivuta motere. Moyo wonse wa apongozi unkandiuza kuti dzina loona la mkazi ndi la kwawo. Ndikanati Sakala, ndinkaona ngati ndikupeputsa zimene anaulula pabwalo paja. Ndikanati Banda, ndinkaona ngati ndikuwaikanso m'manda a Fabiano kachiwiri. A Lameki ankaimba foni kuti kodi mlongo wanga ukudikira chiyani pamudzi pa eni. Mwana wanga wamkazi, Agnesi, amene ali ku Lilongwe, ankati, "Amayi, ife tonse ndife a Sakala, inu mukhale mlendo pakati pa ana anu?" Ndinkadzuka m'mawa ndili Nabanda, pofika kumunda ndili Mayi Sakala, pobwerera sindikudziwanso. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Anamwalirira pamsewu, akuchokera ku boda kumene anakalemba chitseko cha golosale. Oyendetsa kabaza anawapeza atatsamira mtengo, njinga ataiimika bwinobwino, zitini zili zotseka. Amene anabweretsa uthenga anati iye anadziwa ali patali kuti zinthu sizili bwino, chifukwa anaona a Sakala atakhala pansi.

Pokonza m'nyumba mwawo tinapeza mtanda kuseri kwa chitseko. Anali atadzilembera kale, anangosiya malo a tsiku. Agnesi anandiwerengera. Pamwamba, ndi penti woyera, panali BENEDIKITO SAKALA. Pansi pake, ndi tizilembo ting'onoting'ono tofiira, panali ANALINSO MWALE, MWAMUNA WA NANKHOMA.

A Yohane anapsa mtima. "Dzina lakuba ili! Anthu atiseka kumanda. Bweretsani penti tifute."

Ine sindinkalankhula pa zinthu za amuna, koma tsiku limenelo mawu anangotuluka okha. "Alamu, musafute. Munthu ameneyu analakwitsapo dzina la ndani?"

Anandiyang'ana, anayang'ana mtanda, n'kutuluka panja. Tsiku la imfa anadzalemba ndi aphunzitsi ena a pasukulu yathu, manambala ake otsetsereka, ndipo adzukulu anati a Sakala akanakhala moyo akanawalanda bulashi.

Mtanda umenewo sunandichoke m'mutu chaka chonse. Munthu amene anayimitsa maliro a Sitima chifukwa cha dzina lopeka, iye mwini analowa m'manda ndi dzina lobwereka. Ndinkati kapena ukalamba unawasokoneza. Koma zilembozo zinali zowongoka ngati zonse zimene analembapo.

Sabata yatha tinapita kukalambula pamanda pawo, popeza chaka chakwana. Manda awo ali moyandikana ndi a Fabiano. Ndikuzula udzu pakati pa mitanda iwiriyo, ndinaganiza za Nankhoma, amene agona kutsidya kwa malire ali Mayi Mwale, mtanda wake unadyedwa ndi chiswe. Apongozi sakanatha kumubwezera dzina lake. Chimene anatha ndi kukana kumusiya alisenze yekha dzina la Mwale lija. Analida dzinalo moyo wawo wonse, koma ndi limene anakhala nalo ndi mkazi ameneyo, kudya naye, kuyembekeza naye mwana. Ndinayang'ana mtanda wa a Fabiano, chilembo chopindika ngati njoka chija. Langa silinali lakuba n'komwe. Ndinalisenza ndi munthu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'chaka cha njala ndi m'chaka cha mtedza wambiri.

Lachiwiri ndinakwera minibasi kupita ku Boma kachitatu. Ulendo uno ndinalowa. Wolemba anali mtsikana waulemu, kalankhulidwe kake ka kumpoto. Anayang'ana chiphaso chakale n'kundifunsa za amuna anga. Nditamuuza, anati, "Pepani amayi. Ena zikatero amasintha. Tisinthe?"

"Lisiyeni momwemo."

"Sakala?"

"Sakala. Akwathu akandifuna, ndowa yakale ilipo."

Sanamve chimene ndinkanena, koma anamwetulira n'kulemba. Nditatuluka ndinawaimbira a Lameki kuwauza. Anangodula foni. Mpaka lero sanandiimbirenso, ndipo ndikudziwa kuti chaka chino sindiitanidwa msanga kwathu.

Nditafika kunyumba ndinatenga ndowa ija pakhonde pa apongozi. Dzimbiri linali litayamba m'mphepete, monga ananenera. M'chitini cha penti wofiira pamwamba panali pouma, koma nditaboola ndi kamtengo pansi panali pamadzi. Bulashi ndinainyika m'parafini. Zilembo ndinakopera pa mtanda wa a Fabiano, ndinazijambula pa pepala la shuga, n'kudzazisamutsira pa ndowa chimodzi chimodzi. Zinanditengera masana onse. Ku mjigo a Nazimbiri, amene tsopano akuyendera ndodo koma pakamwa m'pomwe paja, anaizungulira ndowayo kawiri.

"Njoka yanuyi yayang'ana kumbuyotu, Mayi Sakala. Mwini penti akanaona, akanadzuka."

Ndinaseka nawo. Sindinaifute.

Pakhomo pa apongozi sipakhala munthu tsopano. Chitseko a Yohane anachimanga ndi waya. Njinga ili m'kati, yatsamira khoma, matayala anaphwa. Mpando uja ukadali pansi pa mango, pamwamba pake pali mizere yozungulira itatu pomwe pankakhala zitini, ndipo nkhuku ndizo zimakwerapo. Thunthu la mtengowo lili ndi mabala oyera, ofiira ndi abuluu kufika m'chiuno mwa munthu, pomwe ankapukutira mabulashi. Bwalo limene mapazi awo ankalisalaza posakhazikika paja lamera chisoso. Pakhonde pali malo ozungulira oyera, pomwe ndowa inavundikiridwa zaka zitatu.

Njira yachidule yochokera ku mjigo imadutsa pomwepo, kutsogolo kwa mpando. Palibenso wondiletsa. Koma dzulo, ndowa ili pamutu, ndinangozindikira ndili kale kuseri kwa nkhokwe. Nditatula madzi ndinaima pa mtondo wanga, n'kunena kuti, "Mtondo iwe, uwauze kuti ndowa ija yapeza dzina."

Ndinadikira pang'ono. Ku mango kunagwa tsamba limodzi pa mpando, nkhuku inalitosa n'kulisiya.